Mphira ya Wakabaza ndi Funso la Chimene Chimatikokera Pansi

Mtsikana wina wa Folomu 4 anandifunsa funso limene mpaka lero likundiyendabe m'mutu. Tinali pa mutu wa mphamvu yokoka, ndipo ndinali nditangolemba pabolodi kuti mwala ukautaya, liwiro lake limawonjezeka ndi mamita 9.8 pa sekondi m'sekondi iliyonse. Iye anakweza mkono.

"Aphunzitsi, mwati dziko limakoka mwala. Nanga limaukoka ndi chiyani, poti chingwe sitikuchiona?"

Anzake ena anaseka, koma panalibe choseketsa. Isaac Newton mwiniwake funsoli analisiya lili chomwecho. M'buku lake la mu 1687 anapereka lamulo lonena kukula kwa kukokako: zinthu ziwiri zimakokana molingana ndi kulemera kwake, ndipo mtunda wa pakati pake ukawirikiza kawiri mphamvuyo imachepa kanayi, ukawirikiza katatu imachepa ka 9. Lamuloli analiyesa pa mwezi. Kuchokera pakati penipeni pa dziko, mwezi uli kutali kuwirikiza ka 60 poyerekeza ndi pamene taima ifepa. Mukachulukitsa 60 ndi 60 mupeza 3,600, ndipo mwezi umagweradi kudziko mofooka ka 3,600 poyerekeza ndi mango othothoka mumtengo. Masamu anagwirizana ndendende. Koma bukulo likusindikizidwanso mu 1713, Newton anawonjezeramo mawu ovomera kuti gwero la kukokako sanalipeze, ndiponso kuti sakufuna kulipeka.

Albert Einstein mu 1915 anayankhako mbali ina. Iye anati chingwe palibedi. Chinthu cholemera chimapinda malo ndi nthawi zimene zachizungulira, ndipo mwala umangotsata njira yowongoka kwambiri imene ilipo m'malo opindikawo. Tiyerekeze kuti munthu wina wanyamuka kuno ku Mzuzu, wina ku Lubumbashi, onse alunjika kummwera osakhota. Pang'ono ndi pang'ono adzayandikana, mpaka akakumana kunsonga ya kummwera kwa dziko, popanda wina kukoka mnzake. Chawasonkhanitsa ndi kupindika kwa nthaka imene akuyendapo. Ganizoli linapambana mayeso onse amene lapatsidwa. Mu 1919, pa kadamsana, anaona kuwala kwa nyenyezi kukukhota podutsa pafupi ndi dzuwa. Mu 2015 makina a LIGO ku America anamva mafunde a malo ndi nthawi ochokera ku ma black hole awiri (malo okoka mwamphamvu moti ngakhale kuwala sikutulukamo) amene anagundana. Ngakhale GPS ya m'foni mwanumo bwenzi ikukusocheretsani akanapanda kukonza mawotchi a m'masetilaiti, amene amatsogola ndi mamayikulosekondi 38 (magawo 38 a sekondi yogawidwa ka 1 miliyoni) tsiku lililonse monga momwe masamu a Einstein amanenera.

Komabe pali pamene pakuvuta. Mphamvu zina zitatu za m'chilengedwe, ya magetsi ndi maginito komanso ziwiri zogwira ntchito m'kati mwa atomu, zonse zinalowa bwino m'malamulo a tinthu ting'onoting'ono otchedwa quantum mechanics. Yokokayi ndiyo yakana, ndipo papita zaka pafupifupi 100 akatswiri akulimbana nayo. Ndi yofookanso modabwitsa: kamaginito kochotsa mu sipika yakufa kamanyamula msomali ngakhale dziko lonse lathunthu likuukokera pansi. Ndiye pali asayansi ena amene anayamba kukayikira kuti mwina mphamvu imeneyi taiika m'banja losakhala lake. Mwina ilibe mizu yakeyake, ndipo imangobadwa kuchokera ku khamu la tinthu tina tosaoneka, monga mmene kutentha kumabadwira. Molekyu imodzi ya madzi siitentha kapena kuzizira, imangothamanga basi. Kutentha kwa tiyi wa m'mawa ndi nkhani ya khamu lonse.

Kuti ndimuyankhe mtsikana uja, mawa lake ndinadzera pasiteji ya kabaza kufupi ndi msika waukulu. Munali mu June, nkhungu itakuta tawuni yonse, anyamata atapinda manja m'majekete. Ndinapempha mmodzi kuti andidulireko kachidutswa kopyapyala ka mphira imene amamangira katundu, ija ya tchubu chakutha.

"Kameneka mukamangira chiyani, bambo?"

Ndinamuuza kuti agunditse kamphirako pamlomo wake wam'mwamba, kenako akakoke mwadzidzidzi. Anatero, n'kutong'ola maso. "Katenthatu!" Ndinati adikire pang'ono ali chikokere, kenako akamasule msanga n'kukagunditsanso. Ulendo uno kanali kozizira. Yesani nanunso, ngakhale ndi mphira yomangira ndalama ija. M'kalasi tinapitiriza: tinapachika mwala pamphirayo mpaka inatamuka, n'kuithira madzi otentha a m'fulasiki. Waya ukautenthetsa umatalika, koma mphira yotamuka inafupika, mwala n'kukwera pang'ono. Zimenezi anayamba kuzilemba ndi John Gough, munthu wosaona wa ku England, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, ndipo James Joule anadzaziyeza bwino m'ma 1850.

Chimene chikuchitika m'mphiramo ndicho mtima wa nkhani yonseyi, choncho tiyeni tichedwepo.

Mphira, kaya ndi ya utomoni wa mitengo ngati ija ya ku Vizara ku Nkhata Bay kaya ndi yopanga m'fakitale, ndi mulu wa mamolekyu ataliatali okhala ngati tcheni, opiringizana ngati ulusi umene mphaka waseweretsa. Tengani tcheni cha mfundo 10, ndipo mfundo iliyonse itha kuloza kumanja kapena kumanzere. Njira zonse zimene tchenicho chingakhalire zilipo 1,024. Kuti chikhale chowongokeratu kulozera kumanja, njira ndi imodzi yokha. Kuti chikhale chopindana, mfundo zisanu uku zisanu uko, njira zilipo 252. Mfundo zikafika 100, njira yowongoka ikadali imodzi, koma zopindana pakati n'pakati zimafika pa 1 wotsatidwa ndi maziro 29. Tsono kumbukirani kuti kutentha kumagwedeza tchenicho mosalekeza, mwachisawawa. Pa kugwedezeka kulikonse, mwayi woti chipindane ndi waukulu kwambiri kuposa woti chiwongoke. Mukamakoka mphira n'kumamva ikukukanirani, mbali yaikulu ya chimene mukulimbana nacho ndi kuchuluka kwa njira kumeneku. M'katimo mulibe kasipuling'i kobisika. Ndiye chifukwa chake ukaitenthetsa imakoka kwambiri: kugwedezeka kwachuluka.

Kuwerenga njira kumeneku ndiko kumatchedwa entropy. Dzinali anapereka ndi Rudolf Clausius mu 1865, koma amene anazindikira kuti nkhani yake ndi ya kuwerenga anali Ludwig Boltzmann m'ma 1870, ndipo fomula yake inalembedwa pamanda ake ku Vienna. Ambiri pophunzitsa timafulumira kunena kuti entropy ndi chisokonezo. Ine mawu amenewo ndinawasiya, chifukwa amasocheretsa ana. Entropy imayeza kuchuluka kwa njira zimene tinthu ta m'kati tingasanjikire popanda woyang'ana kunja kuona kusiyana. Tinganenenso kuti imayeza zimene zabisika kwa iwe. Lamulo lachiwiri la sayansi ya kutentha limati entropy yonse pamodzi siichepa, ndipo chifukwa chake n'chomwechi: zinthu zikamagwedezeka zimathera kumene kuli njira zambiri. Mukasakaniza nyemba zofiira ndi zoyera m'lichero, mupete mpaka mikono iwawe, sizidzadzipatula zokha.

Choncho mphamvu yokoka popanda chokokera ilipo ndithu, tonse taigwirapo ndi manja. Kukula kwake kumapezeka pochulukitsa kutentha ndi mmene entropy ikusinthira chinthu chikasuntha pang'ono. Funso n'lakuti: kodi kugwa kwa mwala kungakhale kwa mtundu womwewu? Munthu sangangolota zimenezi. Chimene chinawapatsa asayansi ganizoli ndi black hole.

Black hole ndi malo amene zinthu zapanikizana kwambiri moti ngakhale kuwala kukalowa sikutulukanso. Dzuwa lathuli litafinyidwa mpaka kukhala black hole, lingakhale mpira wa makilomita 6 okha kuchokera mbali ina kufika ina, wokwana bwinobwino m'kati mwa mzinda wa Mzuzu. Malire ake, pamene ukadutsa sungabwererenso, tiwatche khungu lake. Chakumayambiriro kwa ma 1970 ku yunivesite ya Princeton ku America, John Wheeler anafunsa wophunzira wake Jacob Bekenstein funso la tiyi. Ukaika kapu ya tiyi wotentha pafupi ndi ya wozizira, kutentha kumagawanika ndipo entropy imakwera. Nanga ukaponya makapu onsewo mu black hole? Entropy ija yasowa m'chilengedwe, ndiye kuti lamulo lachiwiri lathyoka? Bekenstein anayankha mu 1972 ndi 1973 kuti silinathyoke, chifukwa black hole ili ndi entropy yakeyake, ndipo imakula ikameza kanthu. Anatsamira pa zimene Stephen Hawking anali atasonyeza mu 1971, zoti khungu la black hole silichepa, limangokula, khalidwe lofanana ndi la entropy.

Hawking sanagwirizane nazo. Chinthu chokhala ndi entropy chiyenera kukhalanso ndi kutentha, chotentha chimatulutsa kuwala, ndipo black hole siitulutsa kanthu. Koma mu 1974, atawerengera pogwiritsa ntchito malamulo a quantum, anapeza kuti imatulutsadi kuwala kofooka kwambiri, ndipo ili ndi kutentha. Masamu ake omwe anatsimikiza zimene ankatsutsa.

Apa pali chinthu chimene chimandiimitsa mutu nthawi iliyonse ndikachiganiza. Chimanga cholowa m'nkhokwe chimadalira kukula kwa m'kati. Mukamanga nkhokwe yowirikiza kawiri m'litali, m'lifupi ndi msinkhu, khoma lake limakula kanayi koma chimanga chimalowa kuwirikiza ka 8. Pa mpweya, pa madzi, pa chilichonse chimene tikuchidziwa, entropy imayenda ngati chimangacho. Ya black hole imayenda ngati khoma. Ikakula kawiri, entropy imakula kanayi basi, ngati kuti zonse zimene yameza zinalembedwa pakhungu. Ndipo zolembazo ndi zothinana koopsa: pa kabokosi ka sentimita imodzi mbali zonse pamakwana mayankho a "inde" kapena "ayi" ochuluka ngati 1 wotsatidwa ndi maziro 65. Entropy ya dzuwa lero ili cha pa 1 wa maziro 58, koma litasanduka black hole ingafike pa 1 wa maziro 77. Palibe chinthu cha kukula komweko chimene chingasunge entropy yoposa pamenepo. Kuchokera apa Gerard 't Hooft mu 1993 ndi Leonard Susskind mu 1995 ananena kuti mwina dera lililonse la m'chilengedwe lili choncho, kuti zonse zochitika m'kati zitha kufotokozedwa ndi zolembedwa pamalire ake. Juan Maldacena mu 1997 anapeza chitsanzo cha masamu chimene izi zimathekadi, ngakhale kuti chilengedwe cha m'chitsanzo chakecho n'chopindika mosiyana ndi chathu.

Panatsala chidutswa chimodzi. Mu 1976 William Unruh wa ku Canada anasonyeza kuti munthu amene akuwonjezera liwiro m'malo opanda kanthu kalikonse angaone malowo ali ofunda, pamene mnzake wongokhala phee akuona kuti ndi ozizira kotheratu. Kufundako n'kochepetsetsa. Pa mamita 9.8 aja, ndi gawo la digiri limene polemba mumaika dontho, maziro 19, kenako 4, ndipo palibe amene wakuyezapo mwachindunji. Koma masamu ake ndi olimba, ndipo amalumikiza zinthu ziwiri zimene palibe ankaganiza kuti n'zapachibale: kuwonjezera liwiro ndi kutentha. Munthu wotereyu amakhalanso ndi malire akeake kumbuyo kwake, kumene kuwala kochokera kuseri kwake sikungamupezenso malinga akupitiriza kuwonjezera liwiro.

Mu 1995 Ted Jacobson wa ku yunivesite ya Maryland anatenga zidutswazi n'kuzitembenuza. Anthu ankayambira pa masamu a Einstein n'kukafika pa entropy ya black hole. Iye anayambira kumapeto. Anati tivomereze kuti pa malo alionse, malire a munthu wowonjezera liwiro ali ndi entropy yolingana ndi kukula kwa khungu lake, ndi kutentha kwa Unruh. Tivomerezenso lamulo lakale la Clausius, loti kutentha kolowa n'kofanana ndi digiri ya kutentha kuchulukitsa ndi kusintha kwa entropy. Mphamvu ikadutsa pamalirewo, entropy iyenera kusintha. Kuti isinthe, khungu liyenera kusintha kukula. Kuti khungu lisinthe kukula, njira za kuwala ziyenera kukhota, kutanthauza kuti malo ndi nthawi zapindika. Atafunsa kuti zipindike motani kuti lamulo la Clausius likwaniritsidwe paliponse, yankho linatuluka masamu a Einstein a mu 1915, onse athunthu.

Kwa ine, pepala lalifupi limeneli ndilo mwala wa pangodya wa nkhani yonse. Jacobson anaona kuti ngati zili choncho, masamu a Einstein ali m'gulu limodzi ndi lamulo louza mmene mpweya wa m'tayala la minibasi umakankhira ukatentha. Lamulo lotere ndi loona, koma limanena za khamu. Anayerekeza ndi phokoso loyenda mumpweya: amene angafune kupeza tinthu ta pamaziko poduladula funde la phokoso ataya nthawi, chifukwa pansi pake pali mamolekyu a mpweya. Thanu Padmanabhan wa ku Pune ku India, amene anamwalira mu 2021, anathera zaka zambiri akukulitsa ganizo lomweli. Ankakonda kukumbutsa mfundo ya Boltzmann yoti chilichonse chimene ungathe kuchitenthetsa chili ndi tizidutswa m'kati. Ngati malo opanda kanthu angathe kufunda, nawonso ali ndi tizidutswa take.

Amene anatchukitsa nkhaniyi kunja kwa mayunivesite ndi Erik Verlinde wa ku Amsterdam, mu January 2010. Iye anagwiritsa ntchito chitsanzo chomwechi cha molekyu yonga tcheni. Mfundo yake imayenda motere. Zungulizani dziko ndi mpira wongoganizira, ndipo pakhungu la mpirawo palembedwe zonse za m'kati, mayankho a "inde" ndi "ayi" ochuluka molingana ndi kukula kwa khungulo. Mphamvu yonse ya dziko, ija ya E = mc², igawidwe mofanana kwa mayankho onsewo. Gawo limene aliyense walandira ndilo kutentha kwa khungulo. Mpirawo ukakula kawiri, khungu limakula kanayi, ogawana achuluka kanayi, ndipo kutentha kwatsika kanayi, monga nsima yomweyo ikafikiridwa ndi alendo. Tsono mwala ukayandikira khungulo, entropy ya khungulo imakwera ndi mlingo wolingana ndi kulemera kwa mwalawo ndi mtunda umene wasuntha. Chulukitsani kutentha ndi kukwera kwa entropy, monga tinachitira ndi mphira, ndipo chimene chikutuluka ndi lamulo la Newton lija, ndi kuchepa kanayi kwake komwe. Mwala umagwa chifukwa njira zimene chilengedwe chingasanjikire mwala uli pafupi ndi dziko n'zambiri kuposa pamene uli kutali.

N'zokongola, ndipo tsiku limene ndinaziwerenga koyamba ndinazibwereza papepala kangapo. Koma tisabise mawu. Nambala ya Newton yoyeza kukula kwa mphamvu yokoka, imene timailemba G, inalowa kale m'masamuwo pamene tinkawerenga kuti pakhungu pakwana mayankho angati. Mlingo wa kukwera kwa entropy nawo unasankhidwa mwanjira yoti ugwirizane ndi zotsatira za Unruh. Otsutsa amati Verlinde anakolola zimene anadzala yekha, ndipo ine ndikuona kuti ali ndi mfundo. Chimene pepalalo linasonyeza n'chakuti zidutswazi zimalumikizana bwino modabwitsa. Kulumikizana kotere ndi chizindikiro chofunika kuchitsatira, koma sikunafike pokhala umboni.

Wina atha kufunsa kuti, entropy imamwaza zinthu, utsi wa mbaula umabalalika m'nyumba monse, pamene mphamvu yokoka imasonkhanitsa. Zingakhale bwanji chinthu chimodzi? Yankho lili pa kuwerenga zonse, osati mbali imodzi. Mtambo wa mpweya ukamakokana n'kupanga nyenyezi umatentha kwambiri, ndipo umataya kuwala kochuluka m'mlengalenga. Entropy ya kuwala kotayikako imaposa imene yachepa chifukwa cha kusonkhana. Ndipo kumapeto kwa kusonkhana konse kuli black hole, imene taona kuti ndiyo nkhokwe yaikulu ya entropy. Pamene pali mphamvu yokoka, kusonkhana ndiko njira yopita kochuluka.

Ganizo la sayansi limalemera likanena chinthu chatsopano chimene tingakachiyeze, ndipo Verlinde anayesa kutero mu November 2016. Analowa m'nkhani ya milalang'amba, magulu akuluakulu a nyenyezi. Fritz Zwicky mu 1933 anaona kuti milalang'amba ya m'gulu limodzi ikuthamanga mopitirira muyeso, ndipo kuyambira ndi Vera Rubin ndi Kent Ford m'ma 1970 zakhala zikudziwika kuti nyenyezi za m'mphepete mwa milalang'amba zimathamanga kwambiri moti zikanayenera kuthawa, tikawerengera kukoka kwa zinthu zooneka zokha. Asayansi ambiri amati kuli zinthu zosaoneka zotchedwa dark matter, zochuluka kasanu kuposa zinthu wamba. Makina ozifunafuna anaikidwa pansi pa phiri ku Gran Sasso ku Italy ndi mumgodi wakale wa golide ku South Dakota, koma mpaka pano kanthu kake sikanagwidwe. Mordehai Milgrom wa ku Israel ananena mu 1983 kuti mwina lamulo la Newton ndilo limasintha kukoka kukafooka kwambiri, kuchepera ka 100 biliyoni poyerekeza ndi kwa pano padziko. Verlinde anati akudziwa chifukwa chake. M'chilengedwe chathu, chimene mu 1998 chinapezeka kuti chikufutukuka mowonjezera liwiro, muli entropy ina yomwazikana m'kati monse, kuwonjezera pa ya pakhungu ija. Mlalang'amba umaikankhira pambali, ndipo iyo imabwezera ngati mphira yotamulidwa. Kubwezerako ndiko timakuona ngati kukoka kowonjezera.

Gulu lotsogozedwa ndi Margot Brouwer ku Leiden linayesa fomulayi pa milalang'amba yoposa 33,000, poyang'ana mmene imakhotetsera kuwala kochokera kuseri kwake. Zinagwirizana bwino, popanda nambala iliyonse yoisintha kuti ikwane. Koma mu 2017 Federico Lelli, Stacy McGaugh ndi James Schombert, poyang'ana kazunguliridwe ka milalang'amba umodzi umodzi, anapeza kuti fomulayi imaphonya m'madera a m'kati. Ena anaiyesa pa kayendedwe ka mapulaneti ozungulira dzuwa n'kupeza kuti ikaigwiritsidwa ntchito mmene ilili imalakwitsa kutalitali. Vuto lalikulu n'lakuti fomulayi inapangidwira chinthu chobulungira, chokhala pachokha, chosasintha. Siinena kanthu za Bullet Cluster, magulu awiri a milalang'amba amene anagundana, kumene mu 2006 anaona kuti kukoka kwambiri kuli pena pamene mpweya wochuluka uli pena. Siinenanso za kuwala kwakale kwambiri, kotuluka chilengedwe chili ndi zaka 380,000, kumene setilaiti ya Planck inakuyeza mosamala ndipo dark matter imakufotokoza bwino zedi. Pa mbali iyi ine ndaima ndi ambiri: dark matter ikadali patsogolo, ndipo patali.

Chitsutso chimene ndimachiona chakuthwa kuposa zonse chinachokera ku tinthu tating'ono. Mu 2002 ku Grenoble ku France, Valery Nesvizhevsky ndi anzake anatenga ma neutron, tinthu ta m'kati mwa atomu, oyenda pang'onopang'ono kwambiri n'kuwasiya adumphedumphe pagalasi losalala. Mpira umadumpha msinkhu uliwonse, koma ma neutron anapezeka pa misinkhu yoikika yokha, ngati masitepe, yotsikitsitsa ili cha pa mamayikulomita 10 (milimita imodzi kuigawa ka 100) kapena kuposerapo pang'ono. Ndi mmene malamulo a quantum amanenera, ndipo zimafuna kuti kukokako kukhale kosalala, kopanda phokoso. Archil Kobakhidze analemba mu 2011 kuti mphamvu yobadwa m'kugwedezeka kwachisawawa ikanafafaniza masitepewo. Ena anamuyankha kuti zimadalira mmene tizidutswa tobisikato tapangidwira, ndipo anapanga zitsanzo za masamu zimene phokosolo limachepa mpaka kusaoneka. Mkanganowu uli ndi phindu, chifukwa ukutiuza poyang'ana. Ngati mphamvu yokoka ili ngati ya mphira, payenera kukhala kunjenjemera kwina, ngakhale kochepa motani, ndipo kunjenjemera kumayezeka.

Ntchitoyi siinaime. Shinsei Ryu ndi Tadashi Takayanagi mu 2006, kenako Mark Van Raamsdonk mu 2010, anasonyeza kuti entropy ya pakhungu itha kukhala muyeso wa kulukana kwa quantum (kulumikizana kwa tinthu koti ukayeza kena umadziwa za kanzake ngakhale tili motalikirana) pakati pa mbali ziwiri za malire, ndipo kuti kulukanako kukachotsedwa, malo enieniwo amaduka pakati. Mu 2025 Ginestra Bianconi wa ku Queen Mary University of London anabwera ndi njira ina. Iye amatenga kapindikidwe ka malo ndi nthawi mbali imodzi, kapindikidwe kamene zinthu zokhalamo zikufuna mbali inayo, n'kuyeza kusiyana kwake ndi mtundu wina wa entropy. Kukoka kukakhala kofooka masamu ake amabwerera kwa Einstein, ndipo amatulutsanso kanambala kakang'ono kofutukula chilengedwe. Ndi ntchito yatsopano imene sinayesedwe ndi zoyeza, choncho mitu ya nkhani ya pa intaneti yonena kuti chinsinsi chaululika ndi yofunika kuiwerenga modekha.

Kumene maso anga ali ndi ku ma labotale. Mu 2017 magulu awiri, la Sougato Bose ndi la Chiara Marletto ndi Vlatko Vedral, anafotokoza mayeso oika tinthu tiwiri tating'ono moyandikana, totetezedwa ku china chilichonse, kuti aone ngati kukokana kokha kungatilukanitse mwa quantum. Tikalukana bwinobwino, mitundu yambiri ya ganizo la entropy idzakhala pamavuto. Pakapezeka phokoso losayembekezeka, nkhani idzatembenuka. Ulendo ukadalipo wautali: mu 2021 gulu la Markus Aspelmeyer ku Vienna linakwanitsa kuyeza kukokana kwa timipira tiwiri ta golide ta mamilimita awiri, tolemera pafupifupi mamiligalamu 90 kalikonse, ndipo mayeso enieniwo akufuna tinthu tochepa kwambiri kuposa pamenepo.

Zambiri mwa izi sindinazinene m'kalasi tsiku lija. Ndinangofika pa tcheni cha mfundo 10 ndi pa nkhokwe. Mtsikana uja anakhala chete akutembenuzatembenuza kamphira kaja m'manja, kenako anakwezanso mkono.

"Aphunzitsi, m'mphiramu mwati muli matcheni amene akugwedezeka. Nanga pakati pa mwala ndi dziko, chikugwedezekacho n'chiyani?"

Ndinamuuza kuti Jacobson sanachitchule, Verlinde sanachitchule, ndipo masamu awo amayenda popanda kuchitchula, monga mmene Clausius analembera malamulo a kutentha zaka makumi angapo anthu asanatsimikize kuti maatomu alipodi. Umboni wa maatomu unadzabwera pamene Einstein mu 1905 anawerengera kunjenjemera kwa tinthu toyandama m'madzi, ndipo Jean Perrin anakuyeza pa maikulosikopu mu 1908. Mtsikanayo analemba mayina awiriwo kumbuyo kwa kope lake, n'kupempha kuti kamphirako apite nako kunyumba akamuonetse mchimwene wake.